Zenera la M'ndowa

Dzina limene anawapatsa makolo awo anthu analiiwala kalekale. M'nyumba za lendi ndi m'mashopu onse ankawadziwa kuti a Zisanatseke, chifukwa ndiwo mawu amene ankalowera nawo pakhomo lililonse. Akagogoda, wam'nyumbamo n'kusuzumira kunena kuti, "Koma kuno sikunatseke kanthu, bambo," iwo ankavula chipewa n'kuyankha mofatsa:

"N'chimene tabwerera. Zisanatseke."

Anali pulambala, koma osati wa mtundu uja woitanidwa pa foni madzi akuda atafika kale m'miyendo ya bedi. Ntchito yawo inali yoti tsiku loterolo lisafike. Eni nyumba anapangana nawo kuti azizungulira nyengo ndi nyengo, makamaka mvula ikayandikira. Ankatsegula zivundikiro zachitsulo, kulowetsa ndodo zawo zolumikizalumikiza m'mapaipi, kupala mafuta oundana kuseri kwa malesitilanti, kuvuula tsitsi m'masinki a m'saluni, kusesa masamba m'ngalande za padenga. Akachoka, pamalopo pankaoneka ngati sipanafike munthu. Ena ankafunsana kuti, kodi mdala uja amagwira chiyani kwenikweni, poti mapaipi athu satseka? Iwo akamva zimenezo ankangomwetulira. Kuyamikiridwa kwa ntchito yawo kunali komweko.

Anali munthu wosayankhulayankhula. Poyenda mumsewu ankayang'ana pansi, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa ankatsatira njira za madzi. Kwa iwo tauni inali pawiri: yapamwamba ya mahutala ndi mikangano, ndi yapansi yamdima, mmene madzi a anthu osapatsana moni amakumana n'kumayendera limodzi mwakachetechete.

Sankayenda okha. Pambali pawo pankakhala akazi awo, atanyamula kachitini ka buluu wochapira zovala ndi kansalu kachikasu. Ana a m'nyumba za lendi ndiwo anawapatsa dzina loti a Nabuluu, popeza zala zawo zitatu za kudzanja lamanja sizinkayeranso, ngakhale azikweche ndi mwala.

Nyumba imene onse awiri ankaikonda inali yosanja, yakale, ya utoto wosuluka. Pansi panali lesitilanti ndi saluni, pakati zipinda za lendi, pamwamba penipeni telala wina wachikulire amene ankagona momwemo ndi mashini ake. Makhitchini ndi mabafa onse anali kumbuyo. Mapaipi ankatsika pakhoma lakumbuyolo ngati mitsempha ya pamwendo, n'kukakumana pansi pa bwalo la simenti, m'dzenje la makona anayi limene amisiri amati chemba. Chapafupi panali mtengo umodzi wa masamba ang'onoang'ono, mdani wa a Zisanatseke, chifukwa mizu yake inkanunkhiza madzi.

Akamaliza kuyeretsa, ankayesa ntchito yawo. A Nabuluu ankakwera masitepe, kulowa chipinda ndi chipinda. Ankatseka sinki, kuidzaza madzi, kuwazamo buluu wa pansonga za zala, kenako n'kupita pazenera kukakupiza kansalu kaja. Akatero ankazula chotsekera. Pansi, amuna awo ankakhala atagwada pa chemba, maso pakamwa pa paipi.

"Mutu wa madzi ndiwo umanena zoona," ankatero.

Madzi a m'paipi yabwino amatulukira chodumpha, ngati mbuzi yotsekulidwa m'khola. A m'paipi yoyamba kudwala amabwera chokwawa, atatsogoza timafuta, kamchenga, kapena timizu toyera ngati ulusi. Zimenezi zimaoneka kamodzi kokha. Wocheuka amapeza madzi wamba akuyenda, umboni utapita. N'chifukwa chake a Zisanatseke sankayang'ana kumwamba.

Anayang'anako tsiku limodzi, akadali mnyamata, ukwati ukadali wauwisi. Mkazi wawo anatulukira pazenera la telala, dzuwa likumuwalira pachipumi, ndipo iwo anaiwala chimene anagwadira. Pobweza maso, madzi a buluu anali atadutsa. Anamubweza mtsikanayo masitepe onse aja, atanamizira kuti buluu wachepa. Ali chidikirire, anaona kuti m'ndowa ya madzi oyera imene anaika pambali pa chemba kuti asambe m'manja munali khoma lonse lakumbuyo, mapaipi ake, zovala zoyanika, ndi thambo. Anaikankha pang'ono ndi bondo n'kudikira kuti madzi adekhe. Zenera la telala linabwera n'kukhala pakati penipeni.

Kuyambira pamenepo ndowayo inapeza ntchito. Zenera lililonse linali ndi pake poiika, ndipo m'kupita kwa zaka inasiya mikombero ya dzimbiri pasimenti. Maso sankayendanso mtunda: paipi apa, ndowa apa. Kansalu kachikasu kakakupiza m'madzimo, ankadziwa kuti madzi anyamuka.

Za ndowayo sanawauze akazi awo. Poyamba anali manyazi. Kenako ankaganiza kuti akudziwa. Kenako chinangokhala chinthu chawochawo, ngati kamwala kosalala kamene munthu amayenda nako m'thumba osadziwa chimene angayankhe atafunsidwa.

M'ndowa imeneyo anawaonera akazi awo moyo wonse. Anawaona ali ndi pakati, atatsamira zenera, dzanja limodzi m'chiuno. Anawaona ndi kamutu ka khanda kakusuzumira paphewa. Anaona mitambo ikuwadutsa pankhope, nkhunda ikulowa khutu ili n'kutulukira linalo, tsamba likugwera pa duku lawo n'kumayandama pamenepo. Ngakhale imvi, iwo ankakhulupirira kuti anayamba kuziona m'madzimo asanazione kunyumba. Masiku ena kamphepo kankagwedeza madzi, nkhope n'kusweka tizidutswa, ndipo iwo ankaleka kupuma mpaka itabwererana. Fungo la chemba sankalimvanso. Ankakhala ngati agwada pakhomo pa dziko lina laling'ono, lozungulira, lokhala ndi zenera limodzi ndi munthu mmodzi.

Chimene sichinkaoneka m'ndowamo ndi masitepe.

Mawondo a a Nabuluu anayamba kulira ngati chitseko chakale. Tsiku lina, nyengo yozizira ikutha, anachedwa kwambiri kutsika kuchokera kwa telala. Anafika pabwalo akugwira khoma, n'kukhala pa sitepe yomaliza. Amuna awo anali chiyang'anire m'dzenje.

"Abambo," anatero. "Kodi mukudziwa kuti lero ndavala chiyani?"

A Zisanatseke ankadziwa bwino lomwe. Duku lobiriwira la timadontho toyera, ndi malaya aja a kolala yozungulira. Koma anachita manyazi ngati mnyamata wogwidwa akusuzumira pampanda.

"Madzi a kwa telala afika mochedwa lero," anatero.

A Nabuluu anaseka kaseko ka m'mphuno.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukupizira nsalu dazi. Ndinayamba kukupizira tsitsi, tsitsilo linatha ine ndikuona. Mkazi wanu inu ndi dzenjelo. Mumange ukwati bwinobwino, ine ndidzakhala mboni."

Sabata yomweyo anapita kwa mwana wawo wamkazi, tsidya lina la tauni, akuti akapumitse mawondo. Kachitini ndi kansalu anazisiya patebulo.

Ntchito sinadikire. A Zisanatseke anapempha mtsikana wa pasaluni kuti aziwathirira madzi. Anakupiza nsalu bwinobwino, kenako foni yake inalira, chotsekera n'kuiwalika. Mdala anagwada mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anapempha mayi wophika mu lesitilanti, munthu wa mawu ngati wailesi ya m'basi.

"Buluu wa chiyani? Madzi ndi madzi!" anatero mayiyo, n'kukhuthulira m'sinki beseni lonse la madzi otsukira mbale. "Afika?"

"Afika, mayi. Ndi abale awo omwe."

M'ndowa, zenera la telala linkangokhala lopanda munthu. Mitambo inkabwera n'kupita, osapeza nkhope yoti idutsepo. Kunyumba anatsegula paipi ya bafa lawo, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo waya amene anapisamo anatuluka woyera, wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Chiyambire ntchito yawo, anali asanadanepo ndi paipi yoyera.

Kutentha kutafika pachimake, mitambo itayamba kuunjikana masana n'kubalalikanso, mwana wawo anawapeza pabwalo paja. Anaima chapatali atagwira mphuno.

"Ababa, apongozi anu awasamutsa kuntchito. Tikupita kutali, ulendo wa tsiku lonse pabasi. Tinyamuka mvula isanayambe."

"Zili bwino. Mukafika mukaone kaye mapaipi a nyumbayo musanalowetse katundu."

"Ababa! Amayi akuti apita nafe."

Ndodo imene inali m'manja mwawo inaleka kuzungulira.

"Anena okha?"

"Akuti kuno palibe amene angazindikire kuti achoka, kupatula telala. Ine ndawalonjeza chipinda chapansi, chopanda sitepe. Koma chikwama sanachitseke. Tsiku lililonse amati atseka mawa. Bwerani mudzanene kanthu. Kanthu ka anthu, ababa, osati ka mapaipi."

Anapita tsiku lotsatira atavala jekete. Njira yonse m'minibasi ankakonza mawu, ndipo mawuwo anali abwino, oyenda chodumpha. Koma atakhala pa sofa, akazi awo ali mbali inayo atasanja mwendo pa kampando, mawu aja anayamba kukwawa, kenako anatsekeka.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera. Kaya akazi anu a makona anayi aja?"

"Aliko." Anatembenuza chipewa pabondo. "Kwa telala madzi akuchedwabe. Ndikukayikira mizu."

Kukhitchini mwana wawo anagwetsa supuni mwadala.

"Ndiye jeketeyi mwavalira mizu?"

"Ndikufuna munthu wa maso. Inu simukweranso, ayi. Ndikwera ndine. Inu mukakhale pansi, pamalo panga. Ndikakuikirani mpando."

A Nabuluu anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Inu? Mukudziwa n'komwe kathiridwe ka buluu?"

"Ndikaphunzira."

A Nabuluu anasisita bondo. Pakona pa chipindacho panali chikwama chija, kukamwa kuli yasa, malaya akusuzumira.

"Kamodzi kokha," anatero. "Ndikatsanzike anthu anga. Musayese n'chifukwa cha inu."

Tsikulo kunacha kopanda mphepo. Mitambo inali italendewera pamwamba pa madenga, yolemera, yosayenda. A Zisanatseke analawirira. Anatsegula chemba, kulowetsa ndodo, kutsuka m'mbali monse. Anabwereka kampando kafupi ku lesitilanti. Ndowa anaiika pamkombero wake wa zenera la telala, kuidzaza, n'kukhala iwo kaye pakampandoko. Anakasuntha, kuwerama, kukasunthanso, mpaka zenera linalowa pakati pa madzi.

A Nabuluu anafika dzuwa litakwera, akuyenda pang'onopang'ono. Anali atavala duku lobiriwira lija. Mtsikana wa pasaluni anawathamangira ndi chipeso m'manja, mayi wophika anawakumbatira n'kuwapaka ufa pamsana. Atatha malonje, amuna awo anawakhazika pampando.

"Maso pakamwa pa paipi iyi, yakumanzereyi. Musayang'ane kumwamba."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti mwathira?"

"Mudziwa."

"Ndilota?"

"Mudziwa, amayi."

Anatenga kachitini ndi kansalu n'kuyamba kukwera. Masitepe amenewa anali atawakwera kambirimbiri, koma nthawi zonse mothamanga, chikwama cha zida paphewa, mtima uli kale kunsi kwa sinki. Lero anakwera ngati mlendo. Pakona yoyamba anaona tizizindikiro pakhoma, totuwa mobiriwira, titatutitatu. Zinali zala. Pakona yachiwiri zinachuluka. Chakumtunda khoma lonse linali mathothomathotho, zala zakale zosuluka, zatsopano pamwamba pake, zina zotsetsereka ngati za munthu amene anatsamira nthawi yaitali. Anaima pamenepo akupuma, n'kuyeza dzanja lawo pambali pa zalazo osakhudza.

Chitseko china chinatseguka, mayi wina n'kusuzumira.

"Aa, ndimayesa a Nabuluu! Ndamva kachitini kakulira. Mukawauze kuti mwana uja wayamba kuyenda."

"Ali pansipo. Mukawauze nokha, akondwa."

Telala anawalandira tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa.

"A Zisanatseke! Mwasochera? Dzenje lili pansi, bambo."

"Lero tasinthana."

"Ndiye khalani apa kaye, muyambe mwapuma." Anachotsa nsalu pampando wina wapafupi ndi zenera. "Mayi amakhala pamenepa akafika. Amayamba akuyang'anani kaye, nthawi yaitali, asanakupize. Ine ndimawafunsa, kodi dazi limeneli mukuliwerenga ngati nyuzipepala? Iwo amati, nkhani zake n'zomwezomwezo, koma ndinazolowera."

A Zisanatseke sanakhale. Anatseka sinki n'kuidzaza. Anayesa kutsina buluu, koma zala zawo zinali zazikulu, sizinalowe m'kachitini. Anakapendeka n'kukagogoda pang'ono. Buluu anagumuka pafupifupi yense nthawi imodzi. Madzi anada ngati inki. Anapisamo dzanja kuti avuule wina, dzanja n'kutuluka labuluu mpaka m'mkono. Telala anaseka mpaka analavula mapini.

Kenako anapita pazenera.

Sankadziwa kuti kuchokera pamenepa dziko ndi lalikulu chonchi. Madenga anayalana mpaka kumene maso amalekezera, mawaya a magetsi, matanki a madzi, nkhunda zitandandalika pamphepete. Koma bwalo lawo, limene anakalambirapo, linali kanthu kakang'ono ngati kampango ka m'thumba. Pakati pake kadzenje kakuda, pambali pake kadontho kobiriwira. Munthu ukamuonera pamwamba alibe nkhope. Alibe maso, alibe kamwa. Ndi mutu chabe ndi mapewa.

Anatulutsa kansalu n'kukupiza. Kadontho kobiriwira sikanagwedezeke. Anakupizanso. Anamva mkono wawo ukulemera, ngati akupereka moni kwa munthu wa m'basi imene yadutsa kale. Choncho ndi mmene zinkakhalira, nyengo ndi nyengo, zenera ndi zenera.

Apo m'pamene anaona kuti mkombero wa dzimbiri uli pamtunda, wopanda kanthu. A Nabuluu anali atatambasula mwendo wodwala uja, ndipo ndowa anali ataikankhira kutali, patsinde pa mtengo. Maso awo anali pa paipi yakumanzere, monga anauzidwira.

"Ingozulani, madzi akawapeza okha," anatero telala.

Koma iwo sanakwerere madzi. Patali bingu linagunda motsitsa. Anaganiza za chikwama chija, za zipi yake, za basi ya tsiku lonse. Chibadwire anali asanakuwepo pagulu. Anagwira felemu ya zenera ndi dzanja labuluu lija.

"Amayi!"

Mawuwo anatuluka ochepa, ngakhale nkhunda sizinauluke. Anakoka mpweya.

"A Nabuluu! Bwezerani ndowa!"

Nkhunda zonse zinabalalika. Mazenera anatseguka m'munsimu, mitu n'kutulukira. Mayi wophika anathamangira pabwalo chikombe chili m'manja.

"Kwapsa kuti?"

A Nabuluu sanadzutse mutu. Anayankha akuyang'ana m'dzenje, mawu awo n'kukwera ndi khoma.

"Paja mwati ndisayang'ane kumwamba!"

"Musayang'ane! Ndowa! Pamkombero wa dzimbiri, pafupi ndi phazi lanulo!"

"Ikundipinga mwendo!"

"Ikupingeni! Bwezerani!"

"Anthu awa apenga bwinobwino," anatero mayi wophika. "Mdala wakhala duu zaka zonsezi, lero wayamba kuyankhula, nkhani yake ndowa." Komabe anainyamula, madzi akukhavukira, n'kuikhazika pamkombero paja. "Apa, bwana wam'mwamba?"

"Pomwepo!"

Kuchokera pazenera, ndowayo inkaoneka ngati kadiso kakuphethira. A Zisanatseke anadikira. Anadikira monga ankadikirira moyo wawo wonse, mpaka kadisoko kanaleka kuphethira n'kuyang'ana kumwamba, mbee. Mitu ya m'mazenera inali isanabwerere. Anatulutsa kansalu kachikasu n'kukupiza pang'onopang'ono.

Kadontho kobiriwira kanapendekera kumanja, pang'ono pokha. Kanaima pamenepo. Mitambo inali chilendewerere, tsamba limodzi linachoka mumtengo n'kumatsika mozungulira ngati silikufuna kufika. Mashini a telala anali zii. Kenako dzanja linanyamuka pabondo. Silinaloze kumwamba. Linapita pamwamba pa ndowa, n'kuyamba kugwedezeka pamenepo, monga munthu amachitira kwa khanda logona pabedi.

A Zisanatseke anapitiriza kukupiza. Sanadziwe kuti anakupiza nthawi yaitali bwanji.

"Madzi, bambo," anatero telala chapansipansi.

Anazula chotsekera. Sinki inameza, ndipo iwo anamva madzi akutsika m'khoma, akucheperachepera. Zaka zonsezi ankamva madzi akufika. Anali asanawamvepo akuchoka.

Atatsika anapeza mayi wophika ataima pakhomo la khitchini, akunamizira kupukuta chikombe. Pansi pa chemba ponse panali buluu. A Nabuluu ankadzipukuta mphuno ndi nsonga ya duku.

"Fungo la akazi anuwa likundiyabwa m'maso," anatero. "Ndipo buluu mwathira wa chaka chonse. Mukufuna kudaya mtsinje?"

"Mutu wa madzi munauona? Unabwera chodumpha kapena chokwawa?"

"Sindinauone."

"Simunauone?"

"Ndimayang'ana kwina."

A Zisanatseke anagwada pamalo pawo pakale, pambali pa mpando. M'ndowa munali zenera, ndi telala atasuzumira, tepi ikulendewera.

"Ndiye tibwereza," anatero.

"Mukwerenso. Inenso munandibwezapo tsiku lina, muli ndi tsitsi, mukuti buluu wachepa."

"Sanachepe."

"Ndadziwa lero." Anakhudza mkombero wina wa dzimbiri ndi chala cha kuphazi, kenako wina. "Zaka zonsezi?"

"Zonse."

"Nanga tsiku lija ndinakufunsani?"

"Duku lomweli. Ndi malaya a kolala yozungulira. Batani lachiwiri linali losamanga."

A Nabuluu mwadzidzidzi anagwira pakamwa ndi zala zitatu zija.

"Mayo ine! Ndiye masiku amene munkandipsetsa mtima, ine ndinkakutulutsirani lilime pazenerapo."

"Ndinkaona."

"Ndi chibakera chomwe?"

"Ndi chibakera chomwe."

Mayi wophika anaphulika kuseka, n'kuthawira m'khitchini. A Nabuluu anawalanda amuna awo kansalu kachikasu n'kuwamenya nako paphewa, kamodzi, kawiri, kenako n'kukasiya pomwepo, dzanja lili pamwamba pake.

"Munthu woipa inu. Ndowa ili ndi pakamwa, inu mulibe."

Bingu linagundanso, chapafupi. Dontho limodzi linagwera m'ndowa, zenera n'kusweka, n'kubwererana.

"Zatsala nyumba zambiri?" anafunsa a Nabuluu.

"Zambiri. Kusukulu ya mkaka sindinafike, ndi mashopu a kumsika onse."

"Kampando aka n'kolimba. Mukasakire katsamiro. Ndipo mumuimbire mwana uja abweretse chikwama changa kunyumba. Asavutike n'kutseka, zipi yake ndi yakufa." Anatenga kachitini, kopepuka, n'kusuzumiramo, kenako n'kuwabwezera. "Mwatsala ka pansi. Muthire ndi kumbuyo kwa supuni, telala akubwerekani. Kwerani, mvula isatipeze."

A Zisanatseke ananyamuka, mawondo awonso akulira. Anawongola ndowa ndi chala chimodzi, ngakhale inali pamalo pake, n'kulowa m'masitepe. Pakona yoyamba anaima kuti apume. Anatsamira khoma, pambali pa zala zitatu zija, ndipo pochoka anasiyapo dzanja lathunthu.